Mlamba umene ndinakaubweza kudooko

"Kabwezeninso ndi ine ndemwe! Nanga si nanenso ndimadya? Ndikwezeni panjinga yanuyo mukanditule kwathu, akakubwezereni malowolo anu mukagule malata!"

Ameneyo anali mkazi wanga, ali chiimire pakhomo la kakhitchini kathu, mpeni uli m'manja. Mpeniwo sunali woti andibaye nawo ayi. Unali woti atumbulire nsomba. Koma nsombayo inali itachoka pakhomopo, ndipo amene anaichotsa ndi ine.

Linali Loweruka, m'nyengo ya dzuwa lija limene ku Bangula limathamangitsira ngakhale mbuzi pansi pa ngolo. Ndinkagwira ntchito ya ukalaliki pamsika wa thonje, ndipo Loweruka tinkaweruka masana. Nditafika kunyumba ndinapeza mlamba uli lende pamtengo wa masawu, utatungidwa pamlaza, wautali ngati mkono wanga, ndevu zikadagwedera. Ana anali atauzungulira. Wamng'ono, mnyamata amene anali atangoyamba kuyenda, ankaugwira mchira n'kumabwerera kukabisala kumbuyo kwa mlongo wake.

"Kwabwera alendo?" ndinafunsa ndisanatsamiritse n'komwe njinga.

"Ayi," anatero mkazi wanga akunola mpeni pamwala.

"Nanga nsombayi ndi ya yani?"

"Ndi yathu."

"Wakupatsa ndani?"

"Ndagula."

"Ndi ndalama iti? Ya ndiwo imene ndinasiya m'mawa ija singagule ngakhale ndevu zakezo."

Anapitiriza kunola. Kenako anati, maso ali pamwalapo, "Ya khadi."

Ana a masiku ano sangamvetse. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu aliyense ankayenda ndi khadi lake. Wopanda khadi sankalowa mumsika, sankakwera basi kapena sitima, chifukwa pachipata pankaima anyamata ofunsa, ndipo sankafunsa kawiri. La mkazi wanga linali litanyowa n'kusanduka phala. Iye anati linanyowa akuchapa. Ndinalalata pang'ono, komabe dzulo lakelo ndinamupatsa ndalama yoti akadule lina. Ndiye ndalama imeneyo ndi imene inali lende pamtengo wa masawu, ikugwedeza ndevu.

Ndinamva kutentha kukukwera kuchokera pamchombo mpaka m'makutu. Ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa, ndipo amene anagwira nane ntchito akudziwa. Ndinathothola mlamba uja, n'kuukoloweka pahandulo, n'kupalasa molunjika kudooko. Sindinafunse kuti wagula kwa yani. Wogwira milamba yaikulu choncho anali mmodzi padooko lonse, bambo wina wamfupi wopanda mano akutsogolo, amene anthu ankamuopa chifukwa cha pakamwa.

Ndinamupeza akusoka ukonde pamthunzi wa bwato lovundikira, amayi ogula nsomba atakhala chapafupi.

"A kalaliki!" anatero. "Nsomba yalakwanji? Yakutukwanani?"

"Bweza ndalama."

"Nsomba sibwezedwa, baba. Si malaya oti mwayesa akuthinani."

"Imeneyi ibwezedwa."

"Akazi anu anasankha okha. Anaitembenuza uku ndi uku mpaka inachita manyazi."

Amayi aja anaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kunandimaliza. Ndinamukumbutsa kuti nayenso ali ndi kamunda ka thonje, ndi kuti thonje lake limadzera pasikelo yanga. Sindinabe thonje la munthu chiyambire, koma tsiku limenelo ndinalankhula ngati munthu amene angathe. Anandiyang'ana, n'kupisa dzanja m'kabudula, n'kuponya ndalama ija pamchenga.

"Tolani msanga, a kalaliki, ingakuthaweni."

Ndinawerama n'kutola. Inde ndinatola, pamaso pa amayi onsewo. Ndinaipukuta mchenga, ndipo mumtima ndinkati ndapambana.

Nditabwerera kunyumba m'pamene mkazi wanga anandilandira ndi mawu aja.

"Ukukuwa chiyani?" ndinatero. "Ukufuna anthu onse amve?"

"Amve chiyani china? Dooko lonse laona kale! Imwe, munthu wa sekondale, kupalasa njinga dzuwa lonseli kukabweza nsomba! Ndidzadutsa pati ine?"

"Ndalama ndinakupatsa ya chiyani?"

"Ya khadi."

"Ndiye wagula chiyani?"

"Chakudya cha mwana wanu!"

Choseketsa n'chakuti, ngakhale tinkakuwa mpaka nkhuku kuthawa, tikafika pa mawu akuti khadi tonse awiri mawu ankatsika okha. Nyumba za antchito zinali zogundana, ndipo sunkadziwa amene akumvetsera kuseri kwa mpanda. Tinkatukwanana mokweza, n'kunong'ona "khadi", n'kukwezanso.

Anandiyandikira, nati chapansipansi, "Ndalama ya khadi mumatulutsa tsiku lomwelo, chifukwa mumaopa anyamata apachipata. Ya mwana mumafunsa mafunso sabata yathunthu. Kapena nanenso ndipeze chibonga ndiziima pakhomo?"

Apa ndinene kaye zanga, chifukwa wowerenga angaganize kuti ndinali chilombo. Mowa sindinkamwa. Fodya sindinkasuta. Akazi akunja ndinalibe, pamene anzanga apamsika malipiro ankathera m'mabala mwezi usanafike pakati, akazi awo n'kumabwera kwa mkazi wanga kudzapempha mchere. Ine ndinali ndi cholinga chimodzi, nyumba ya njerwa ya malata pamalo okwera, pamene Shire akakwiya safika. Ndalama za malata ndinkasunga kupositi. Za mwezi zinkakhala m'sutikesi, kiyi m'khosi mwanga. M'mawa uliwonse ndinkasiya ya ndiwo za tsikulo, madzulo n'kufunsa yotsala. Sopo ndinkadula ndekha m'tizidutswa. Machesi ndinkawang'amba pakati ndi lezala. Tinkakhala m'chigwa chimene chimalima nzimbe za dziko lonse, koma shuga m'nyumba mwanga ankathiridwa ndi dzanja langa.

Ndipo sikuti ndinkamana ena ine n'kumadya. Chaka china ndinagula nsapato zachikopa ku Limbe. Ndisanafike n'komwe pasiteshoni ndinayamba kudandaula ndalamayo. Ulendo wonse m'sitima ndinkangoyang'ana bokosi la nsapatozo ngati muli njoka. Nsapatozo sindinazivale. Zinakhala pansi pa bedi, ine n'kumapita kuntchito ndi zakale zosokasoka. Ndalama ikachoka m'dzanja mwanga ndinkamva ngati ndaba, ngakhale inali yanga, ya thukuta langa.

Matenda amenewa ndikudziwa kumene ndinawatenga. Kwathu ndi kwa Lundu. Bambo anapita kumigodi ine ndili wamng'ono, osabweranso. Njala yaikulu itagwa, amayi ankapita ndi amayi anzawo kudambo kukafukula nyika. Amene sanadyepo nyika athokoze Mulungu. Ndi timibulu takuda timene timamera m'matope pansi pa maluwa a m'thamanda. Kuti utipeze umalowa m'madzi mpaka m'khosi, n'kumafufuza ndi zala zakumapazi, kenako n'kumira. Amayi ankabwera misundu ili m'miyendo. Tsiku lina anabwera osalankhula, chifukwa mnzawo amene anaima naye pafupi anatengedwa ndi ng'ona iwo akuona. Mawa lake anapitanso. Mlongo wanga wamng'ono sanaione mvula ya chaka chimenecho. Ine ndinapulumuka, ndipo amayi analima thonje, kutcheza kachasu, kugulitsa mbuzi imodziimodzi, mpaka ndinakwera mtunda kupita kusekondale. Anamwalira m'kanyumba kodontha, ine nditangolembedwa ntchito, malipiro oyamba asanatuluke. Sanalaweko kanthu kanga ngakhale supuni ya shuga. Kuchokera pamenepo, ndikati ndigule chinthu chokoma, ndinkawaona ali m'madzi mpaka m'khosi. Ndinalumbira kuti ana anga sadzagona m'nyumba yodontha ndipo nyika sadzaidziwa.

Nkhani imeneyi ana anga ankaidziwa pamtima, chifukwa ndinkaisimba nthawi iliyonse wina akapempha sikono.

Ndiye mkazi wanga atati chakudya cha mwana, ndinayankha ndi mphamvu za munthu amene akudziwa kuti salakwa.

"Mwana wake uti amene akusowa chakudya m'nyumba muno?"

"Wamng'onoyu. Lachitatu ndinapita naye kusikelo. Anamwino akuti watsika, tsitsi layamba kufiira. Akuti ndizimupatsa nsomba, mtedza, mazira. Ndinakuuzani Lachitatu lomwelo. Munati anamwino amalankhula choncho chifukwa ndalama zake si zawo. Inu mumangodziwa sikelo ya thonje!"

Zoti ndinanena mawu amenewo ndinkakumbukira. Koma munthu ukakwiya subwerera.

"Bodza!" ndinakuwa. "M'nyumba muno palibe amagona ndi njala. Tsiku lililonse ana akamaliza kudya amabwera kudzandigwadira. Amati chiyani? Nena! Amati takhuta, baba. Tsiku ndi tsiku, takhuta, baba. Ndi makutu angawa ndimamva!"

Mkazi wanga anaseka. Sikunali kuseka kwabwino ayi. Anaika mpeni pansi n'kuomba m'manja kamodzi.

"Imwe! Zaka zonsezi muli ku Bangula, mkazi Msena muli naye m'nyumba, Chisena chakuthawani lero? Anawa ndinawaphunzitsa ndine. Takhuta wawo ndi wakwathu. Akuthokoza! Muwapatse mbamu imodzi agawane onse, adzabwerabe kudzagwada, takhuta baba, chifukwa mwana wanga sachoka pamphasa osathokoza bambo ake. Za mimba munawafunsapo?"

Kwathu kwa Amang'anja munthu akati wakhuta ndiye kuti mimba yadzaza, nsima ina ichotsedwe. Kwa Asena takhuta ndi zikomo basi. Zimenezi ndinkazidziwa. Chisena ndimachilankhula mpaka kutukwanira. Pamsika alimi akalandira ndalama zawo ankati takhuta, ine n'kumayankha, osaganiza kuti adya. Koma m'nyumba mwanga, kwa zaka, mawu omwewo ndinkawamva ndi khutu la kwathu. Ndinkadya ndekha patebulo monga bambo wa nyumba, mbale yanga yodzaza, ana ndi amayi awo kuseri kwa khitchini. Chimene chinkafika kwa ine kuchokera kuseriko ndi mawu awiri amenewo, ndipo ankandikwanira.

Ndinaitana mwana wanga wamkulu, mtsikana amene anali pafupi kumaliza pulayimale. Anabwera n'kugwada chapatali.

"Iwe, dzulo unadya?"

"Eya, baba."

"Unakhuta?"

Anayang'ana amayi ake. "Takhuta, baba."

"Sindikufunsa zimenezo! Mimba yakoyo inadzaza?"

Misozi inayamba kutsika yokha. Pogwada paja diresi linali litakwera pang'ono, ndipo ndinaona m'miyendo mwake tizilonda tating'ono tozungulira, tina touma, tina tatsopano. Tizilonda timeneto sindikanatisokoneza ndi china chilichonse. Ndinakulira ndikutiona m'miyendo mwa amayi.

"Misundu yakuluma kuti?"

Anayankha ndi amayi ake, koma osati ndi pakamwa. Analowa m'khitchini, n'kutuluka ndi mphika umene unkakhala pakona wovundikira ndi lichero, n'kuukhazika pamapazi anga. Anavundukula.

"Izi mukuzidziwa? Paja mumatisimbira tsiku ndi tsiku."

Inali nyika, yowiritsa, theka la mphika.

Chaka chimenecho mapira anali atapsa ndi dzuwa m'chigwa monse, ndipo chimanga chochokera kumtunda chinakwera mtengo. Ine ndalama yosiya m'mawa sindinakweze. Mkazi wanga anati wakhala akupita kudambo ndi amayi a m'mudzi wapafupi ine ndikapita kuntchito. Poyamba mtsikanayu ankangotsala m'bwato ndi mwana. Kenako anayamba kulowa nawo, chifukwa awiri amadzaza dengu msanga. Khadi lija linanyowera komweko, lili m'duku.

Mukuganiza kuti ndinagwa pansi n'kulira? Ayi. Ndinakwiya kuposa poyamba.

"Wakapereka mwana wanga kwa ng'ona? Mwana wanga ine? Uli ndi mutu iwe?"

Dzanja linakwera lokha. Chikwatirane sindinamumenyepo, koma tsiku limenelo linakwera. Iye sanasunthe. Anatukula chibwano.

"Menyani. Kumenya n'kwaulere, sikuchotsa kanthu kupositi."

Chibakera chimenecho chinathera pachitseko cha khitchini. Thabwa linang'ambika, zala zanga nazo zinang'ambika. Wamng'ono uja anayamba kulira. Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda, ndipo nditamuyang'ana anabweza mutu.

"Bwanji sunandiuze?" ndinatero, magazi akudontha pansapato zanga zosokasoka zija.

"Sindinakuuzeni? Ndinati chimanga chakwera, munati ndikuononga. Ndinati ufa sukufika, munati ndichepetse dzanja potapa. Ndinachepetsa. Mbale yanu yokha ndi imene sindinachepetse, chifukwa amayi anga anandilangiza choncho. Tsono ndatopa. Mawa ndikukwera sitima ya ku Nsanje."

"Ulibe khadi," ndinanong'ona.

"Ndiyenda pansi m'mbali mwa njanji. Miyendo nayo ndi yaulere. Wamng'onoyu ndipita naye asanafe, akadye nsomba kwa agogo ake. Akuluwa ndi anu, munalowola. Muziwakazingira malata."

Analowa m'nyumba. Ndinamumva akutsitsa zovala pachingwe. Mkazi wanga sanali munthu woopseza. Zaka zonse zimene tinakhala sanatchulepo zopita kwawo ngakhale kamodzi, n'chifukwa chake ndinadziwa kuti apita. Posakhalitsa phukusi la chitenje linali pakhomo la chipinda, lomanga mfundo zolimba.

Dzuwa likupendeka anaphikabe. Anandiikira nsima ndi denje patebulo monga mwa masiku onse, n'kutuluka. Ndinaiyang'ana mbaleyo. Inali mitanda yomwe ija ya tsiku lililonse. Ndinanyamuka n'kuzungulira kuseri kwa khitchini, kumene sindinkapitako nthawi ya chakudya. Ana atandiona anasiya kutafuna. Pakati pawo panali kambale ka nsima kamene ine ndekha ndikanamaliza osamwera madzi, ndipo pambali pake panali mphika uja.

Ndinatola nyika imodzi, n'kuisenda ndi chikhadabo, n'kuika m'kamwa. Kukoma kwake kunali komwe kuja, kwa matope, kowawira kukhosi. Ndinayesa kumeza, inakana. Ndinabwerera n'kukatenga mbale yanga, n'kuikhazika pakati pa ana, ine n'kukakhala pansi pa mtengo wa masawu.

Atamaliza anabwera mwa chizolowezi, kudzagwada pamzere. "Takhuta, baba." Ndinawauza kuti achoke pamaso panga. Anathawa, akuganiza kuti alakwa.

Mtima wanga ulibe pakati, ndilo vuto lake. Ndili pansi pa mtengopo ndinaganiza zoti Lolemba ndikatapa zonse kupositi, ndikagule matumba a chimanga, mbuzi, shuga, mafuta, nsalu, ndiunjike pabwalo kuti aliyense amene anaseka kudooko abwere adzaone. Ndinafika mpaka posankha ngolo yodzanyamulira. Kenako ndinazindikira kuti umenewonso ndi mkwiyo womwe uja, wangovala malaya ena. Zikanatha m'miyezi ingapo, mvula n'kubwera, Shire n'kudzaza, ife tili opanda pothawira. Kusunga sikunali kulakwa. Mpaka lero ndimakana kuti kunali kulakwa. Nyumba ya antchito si yako, akakuchotsa ntchito umatuluka ndi mphasa yokha. Koma malata ndinkawasungira ana, ndipo mwana mmodzi anali kufiira tsitsi, wina akumira m'madzi a ng'ona.

Chinanso chinabwera m'mutu chimene ndinali nditachiiwala, kapena kuchikankhira kutali. Amayi anga aja amene ndinkawaona m'madzi mpaka m'khosi, tsiku logulitsa thonje ankandigulira sikono pamsika. Ankakhala pansi n'kumandiyang'ana ndikudya, iwo osalumako, akuseka ndikamanyambita zala. Analibe kanthu, koma sindikumbukira akudandaula ndalama ya sikonoyo. Ana anga ndinkawasimbira za misundu zokha. Za sikono sindinawasimbirepo.

Tinagona osalankhulana, phukusi lili pakhomo la chipinda.

M'mawa mwake, Lamulungu, ndinadzuka atambala akulira. Ndinatsegula sutikesi. Dzanja lija linali litatupa. Ndinatapa, n'kutseka, n'kukwera njinga.

Kudooko mabwato anali akungofika. Bambo wopanda mano uja anandionera patali.

"Eee, abale, bisani nsomba, a kalaliki abwera! Lero mwadzabweza chiyani, baba? Akazi anu?"

Amayi ogula anatembenuka onse. Ena anali omwe aja adzulo.

"Ndikufuna mlamba uja."

"Uja? Uja tinadya. Unali wonona, mafuta mpaka m'zigongono. Ana anga akuti ndikuthokozereni."

"Ndipatse wina."

Anatulutsa m'bwato wina, wocheperapo pa wadzulo, n'kutchula mtengo woposa wadzulo.

"Wakuba iwe! Dzulo wamkulu unagulitsa motsika!"

"Dzulo ndinagulitsa nsomba yokha. Lero ndaikapo ndi mawu anu aja a sikelo. Mukafuna, pitani kwa ena."

Kutentha kuja kunayambanso kukwera. Ndinaona nkhafi ili pafupi ndi phazi langa, ndipo sindinama, ndinaiganizira. Ndinaluma mano. Ndinamuuza kuti za sikelo zija ndinalankhula zopusa, thonje lake lidzayezedwa ngati la wina aliyense. Anatsitsako mtengo pang'ono, osati kwambiri. Ndinalipira. Ndalama ndinamuika m'manja, sindinaponye pamchenga.

"Musaiwale, a kalaliki," anakuwa ndikukwera njinga, "imeneyo mukaibweza ibwere yophika!"

Pobwerera ndinadzera kwa tcheyamani wa chipani m'dera lathu n'kudula khadi m'dzina la mkazi wanga. Ndinaganiza kawiri ndisanagogode pakhomo pake. Popanda khadi, ulendo wa ku Nsanje unali wapansi, dzuwa lonse lija, mwana kumsana, ndipo mwina akanaganiza zobwerera asanafike patali. Ndi khadi, sitima inali yake. Koma sindinafune mkazi wokhala nane chifukwa choti anyamata apachipata amubweza.

Ndinamupeza atakhala paphukusi lake pakhonde, mwana ali kumsana, duku lomanga kale. Ana akuluakulu anali ataima pakona ya nyumba. Ndinakoloweka mlamba pamtengo wa masawu, pamalo pomwe paja. Ndinaika khadi pamwendo pake. Kenako ndinavula chingwe cha kiyi m'khosi mwanga n'kuchiika pamwamba pa khadilo.

Anatenga khadi, n'kuliyang'ana mbali zonse, n'kulilowetsa m'duku. Kiyi sanaigwire.

"Imeneyi n'njachiyani?"

"Ya sutikesi. Za chakudya cha mwezi zili mmenemo. Uzitapa wekha. Sindidzafunsa yotsala."

"Mudzafunsa."

"Ndikafunsa usadzandiyankhe."

"Nanga zikatha mwezi usanathe? Chimanga chakwera, ndinakuuzani."

"Za kupositi ndichepetsa, ndiziwonjezera m'sutikesi. Koma kusiya sindisiya. Nyumba ija ndimanga, ngakhale ichedwe. Zimene zili kupositi kale palibe azikhudza, ngakhale iwe ngakhale ine."

"Ndani anati musiye? Ndinakwatiwa ndi inu chifukwa simumwa. Malatawo nanenso ndikuwafuna. Ndikufuna adzapeze anthu amoyo pansi pake."

"Ndipo kudambo kwatha. Iwe ndi mwana yemwe."

"Kudambo sindinkapita kokasamba."

Ndinameza mawu amene anabwera kukamwa. Ndinatembenukira kwa ana n'kuwaitana. Anabwera mwamantha n'kuyamba kugwada.

"Imirirani. Kuyambira lero, mukadya, takhuta wanuyo muzikauza amayi anu. Ine muzindiuza m'Chimang'anja, kuti mimba yadzaza kapena sinadzaze. Mwamva?"

"Eya, baba," anatero wamkulu, akuyang'ana nsomba.

Mkazi wanga anakhalabe paphukusi paja. Sitima inkadutsa chakumasana, nthawi inalipo yambiri, ndipo sananene kuti sapita. Ndinkangowerengera m'mutu kuti mlamba umenewo ndi misomali ingati ya denga, n'kumadziletsa, n'kuyambanso. Patapita nthawi anatola kiyi ija n'kuimangirira pansonga ya chitenje chimene anavala. Phukusi sanamasule.

"Mpeni wanga uja uli kuti?" anafunsa.

Unali pomwe anausiya dzulo, pafupi ndi chitseko chong'ambika. Ndinakautola ndekha. Mutu wa mlamba ndi wolimba, ndiye ndinaugwira ndi dzanja langa lotupalo iye akudula. Atateleka mphika ndinalowa m'nyumba, n'kunyamula mpando wanga ndi mbale yanga, n'kukazikhazika kuseri kwa khitchini, pambali pa mphasa ya ana.